Zonse ndikuzipeza pa foni, nanga mabuku ndi achiyaninso?

Funso lafika kuchokera kwa achimwene ena a ku Chibavi omwe amagulitsa mu hadiweya m'tauni muno mu Mzuzu. Akuti chilembereni mayeso a fomu 4 sanatsegulenso buku, nkhani zonse amazipeza m'magulupu a WhatsApp, pa Facebook ndi TikTok, ndipo sakuona kuti akutsalira pa chilichonse. Nde akufunsa ngati zoti kuwerenga mabuku kumatsegula mutu nzoona kapena ndi nyimbo chabe ya aphunzitsi, poti mabukuwo ndi odula komanso olembawo ndi anthu, amanamanso.

Achimwene, pomwe mwanena kuti olemba mabuku amanamanso mwalasa, sinditsutsa ayi. Ndaphunzitsa mbiri kusekondale kwa nthawi yaitali, pano ndili ku za laibulale, nde mabuku okondera, onama, ena olembedwa mwaulesi ndawagwira ndi manja angawa. Koma bodza la m'buku limagwirika. Lili ndi dzina la mwini wake pachikuto, lili ndi chaka, lili ndi kampani yomwe inasindikiza, ndipo silisuntha, mawa mukalipeza pa tsamba lomwelo mmene munalisiyira, mutha kutenga buku lina nkuwayala onse awiri patebulo nkuona pomwe akusemphana. Nanga voice note ija yakufikani itadutsa m'mafoni a anthu kaya angati? Simudziwa wajambula ndani, liti, anaona ndi maso kapena anangomva kwa mlamu wake, ndipo ikapezeka yabodza mawa palibe amene achite manyazi, yangosowa basi kwabwera ina.

Ndikupatseni chitsanzo cha konkuno, nkhani ya kubwera kwa Angoni kumpoto kuno. Munthu aliyense wa mu Mzuzu ali ndi mbali yake yomwe anamva kwa agogo, ndipo ikayambika pa depoti kapena pamoto wa pamaliro usiku imatentha ndithu. Zina sizikanganitsa. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 tsiku lomwe kunachitika kadamsana, anayenda mpaka ku Ufipa m'dziko lomwe pano ndi Tanzania, mfumuyo inamwalira komweko, kenako gulu la M'mbelwa linatsikanso nkudzakhazikika m'dera la Mzimba m'zaka za m'ma 1850. Kuchoka pamenepo nkhani imayamba kupatukana kutengera amene wagwira cholembera.

Dokotala wa mishoni ya Livingstonia, W.A. Elmslie, anatulutsa buku mu 1899 lotchedwa Among the Wild Ngoni, mutu wokhawo wawatchula kale Angoni kuti ndi anthu olusa musanatsegule nkomwe. Munthuyu anakhala pakati pawo, ankadziwa chilankhulo chawo, anaona zinthu zomwe palibenso wina analemba, nde simungalitaye bukulo. Koma amene ankawalembera ndi akhristu a ku Scotland omwe ankasonkha ndalama za mishoni, ndiye mdima wa kale unayenera kuoneka wakuda bii kuti kuwala kwa mishoni kuonekere. Tsopano tengani m'busa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, Mngoni weniweni, amene buku lake la My Ngoni of Nyasaland linatuluka mu 1942. Mmenemo mukumana ndi anthu ena ndithu, a malamulo, a ulemu, a dongosolo la ufumu, odziwa kusunga mudzi. Kenako Saulos Nyirenda, yemwe mbiri yake ya Atumbuka ndi Ahenga inasindikizidwa mu 1931 kudzera mwa mmishonale T. Cullen Young, kwa iye nkhani ndi ya ufumu waukulu wa Chikulamayembe ku Nkhamanga umene unali pa mtendere mpaka adani anadzauphwasula. Onse atatuwa ndi anthu a Livingstonia, mpingo umodzi, Baibulo limodzi, koma taonani mmene akusiyanira. Patapita zaka katswiri wa mbiri Leroy Vail anabwera nkunena kuti ufumu wa ku Nkhamanga sunali waukulu chomwecho, kuti Balowoka, anthu owoloka nyanja omwe anayambitsa ufumuwo, anali makamaka amalonda a minyanga, ndiponso kuti zolemba za Nyirenda zinali ndi ntchito yolimbitsa ufumu womwe unali utangobwezeretsedwa mu 1907. Mukapita ku Gonapamuhanya, mwambo wa Atumbuka ku Bolero, mukanene zimenezi akuluakulu akakutsutsani, ndipo akakhala ndi mfundo zawo zoyenera kuzimvetsera.

Olo phiri la Hora lomwe lija. Lero timalidziwa ndi mwambo wa Angoni wa Umthetho, ingoma, zikopa ndi zishango, ndipo nzokongola zedi. Koma paphiri lomwelo mpomwe anthu a Baza Dokowe, Atumbuka amene anagalukira Angoni, anagonjetsedwa cha m'ma 1880 ndipo ambiri anafera pomwepo. Mukatsikira kunyanja Atonga akuuzani zawo, mmene anathawira kwa Angoni nkuwagonjetsa ku Chintheche m'ma 1870. Zonsezi nzoona nthawi imodzi, ndipo munthu amene akudziwa imodzi yokha amalankhula mokweza kwambiri kuposa onse.

Mukawerenga anthu anayiwa simusiya kukhala Mtumbuka kapena Mngoni kapena Mchewa wobadwira ku Chibavi, ayi, kwanu nkwanu. Chimene chimasintha nchakuti mumayamba kufunsa musanakwiye: uyu akulembera ndani, akufuna chiyani, wasiya chiyani. Nzomwe mfumu yanzeru imachita pabwalo, wodandaula alire bwanji imadikira kaye wodandaulidwa alankhule ndi mboni zake zomwe. Ndipo wandale akadzabwera nthawi ya kampeni ndi theka la mbiri kuti akutenthetseni mutu ndi mtundu wa anzanu, theka linalo mumakhala muli nalo kale. Ine pamenepa mpomwe mtima wanga uli, chifukwa ndaona ana anzeru ndithu akudana ndi anzawo a m'kalasi pa nkhani yomwe aimva mbali imodzi.

Chinanso cha pafupi, pa 3 Malichi timapuma, ena amatsikira ku Nkhata Bay ku mwambo wokumbukira. Mu 1959 boma la atsamunda linalengeza kuti a Nyasaland African Congress anakonza chiwembu chofuna kupha azungu, nkuyamba kumanga atsogoleri, ndipo pa doko la Nkhata Bay asilikali anawombera anthu omwe anasonkhana kufuna kuti abale awo omangidwa, amene anali mu sitima ya Mpasa, amasulidwe. Mukanawerenga zolemba za bwanamkubwa Robert Armitage zokha mukanati boma linapulumutsa dziko. Koma boma la Britain lomwelo linatumiza woweruza Patrick Devlin kudzafufuza, ndipo lipoti lake chaka chomwecho linati umboni wa chiwembu chopha anthu mwadongosolo chija panalibe, linafika potchula Nyasaland kuti ndi dziko lolamulidwa ndi apolisi. Lipotilo linawerenga anthu 20 ophedwa ku Nkhata Bay, pomwe anthu a kunyanja amawerenga oposa 30. Mukaona manambala awiri osiyana chonchi musathamangire kusankha yomwe yakukomerani, funsani kuti anawerenga ndani, liti, anawerenga mitembo ya pa doko yokha kapena ndi omwe anakafera kunyumba. Luso limeneli limalowa m'mutu ndi kuwerenga zinthu zazitali, ndipo likalowa mumaligwiritsa ntchito paliponse, pa nkhani ya feteleza, ya mafuta, ya malo, ya katemera.

Tsono za foni. Ine sindidana nayo, ndili nayo, ndipo yathandiza anthu ambiri kudziwa zinthu zomwe kale zikanabisika. Vuto lake ndi mmene inapangidwira. Facebook, TikTok ndi YouTube zimayang'ana pomwe chala chanu chaima, zomwe mwaonera mpaka kumapeto, zomwe mwakwiya nazo nkulembapo, nde zimakuwonjezerani zomwezo chifukwa phindu lawo lili poti musachoke. Magulupu anu a WhatsApp nawonso tawawerengani, la kumpingo, la kumudzi, la omwe munaphunzira nawo, la chipani, anthu ake ndi ofanana nanu pafupifupi onse. Nde mumamva ngati dziko lonse likugwirizana nanu pomwe mwangomva mawu anu omwe akubwerera kuchokera mbali zinayi. Komanso kavidiyo ka mphindi imodzi sikangakwanitse kunena kuti "komabe", kalibe nthawi, kayenera kumenya kamodzi nkuthawa. Wolemba buku la masamba 300 sangathawe choncho, penapake ayenera kuyankha omutsutsa, ayenera kuonetsa komwe watenga manambala ake, ndipo akalephera inu mumaona kuti apa wazemba. Paja amati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa shelefu ya laibulale pali chinthu china chomwe foni ilibe, imakuonetsani zomwe simunafunse. Legson Kayira wa ku Chitipa, mwana wa sukulu ya Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, ndipo munali mu laibulale ya ku Kampala momwe anapeza buku la mayina a makoleji nkulembera ku Skagit Valley College komwe anamulandira. William Kamkwamba ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 mpaka 2002, anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto cha buku mu kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, Chingerezi chake chinali chochepa koma zithunzi anazimva. Nkhani ziwirizi anthu amakonda kuzinena ngati zozizwitsa, koma ine chimene chimandigwira mtima nchakuti onse awiri anakumana ndi buku lomwe sankadziwa kuti liliko.

Ngati mukukayikabe kuti mabuku ali ndi mphamvu, funsani akuluakulu omwe anakhala nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loona zoti anthu aziwerenga ndi kuonera chiyani, ndipo mabuku ambirimbiri analetsedwa, kupezeka nalo lina unali mlandu. Chaka chomwecho Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'manyuzipepala, chinadzabwereranso pa MBC mu 1994, nde mbadwo wonse unakula osaona chilankhulo cha amayi awo chitalembedwa kupatula m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo. Sam Mpasu anakhala m'ndende ya Mikuyu chifukwa cha buku la nthano chabe. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 popanda mlandu nkutuluka mu 1991, ndakatulo zake zinali zitachotsedwa kale m'mashopu ndi m'masukulu. Ndipo chomwe chinagwedeza zonse chinalinso kabuku, kalata ya mabishopu a Katolika yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, boma linailetsa koma anthu anaichita fotokope nkumapatsirana mobisa, chaka chotsatira pa 14 Juni kunali riferendamu. Boma silivutika kumanga munthu chifukwa cha chinthu chopanda ntchito. Chomwe chimandipweteka nchakuti lero palibe akutiletsa, mabuku omwe anthu anamangidwira ali pa shelefu, mukatsegula kumapeto pa kapepala ka chidindo kaja mupeza tsiku lomaliza kubwerekedwa ndi la zaka zapitazo, inki yake yazilala, pomwe matebulo onse adzaza ana akuloweza manotsi ndi mapepala a mayeso akale.

Musaganize kuti ndikunena za mabuku a mbiri ndi ndale okha. Nthano zolembedwa zili ndi ntchito yake yomwe mabuku enawa sangaigwire, zimakukhazikani m'mutu mwa munthu yemwe simudzakhala, mkazi wamasiye amene abale a mwamuna akumulanda katundu, mnyamata wa ku Joni wogona asanu m'chipinda chimodzi, tenanti wa fodya yemwe akamawerengera kumapeto kwa chaka akupezeka ali ndi ngongole. Nyuzi imakuuzani kuti zinachitika, nthano imakusungani mmenemo masiku angapo mpaka mwamva mmene zimawawira, ndipo mukakumana ndi munthu woteroyo pa kauntala panu simumuyang'ananso chimodzimodzi. Amuna makamaka ndimawapempha kuti aziwerengako zomwe akazi alemba kapena kusimba. Nkhani ya kugawanika kwa nduna mu 1964 ambiri timaidziwa kudzera mwa amuna, a Chiume, a Chipembere, a Orton Chirwa, koma mayi Vera Chirwa analemba buku la moyo wawo, zaka 12 m'ndende, ndipo mayi Rose Chibambo a ku Kafukule omwe nkhope yawo mumaigwira tsiku lililonse pa K200 anasimbanso zawo zinalembedwa. Mmenemo muli ana, mimba, kuthawa usiku, zinthu zomwe mabuku a amuna amangodumpha.

Koma ndikuchenjezeni, chifukwa pali kuwerenga kwina komwe kumaumitsa mutu. Pali anthu awerenga mabuku ambiri koma onse a mtundu umodzi, a mlaliki mmodzi, a chipani chimodzi, kapena aja a momwe mungalemerere msanga omwe amadzaza pa chiguduli cha ogulitsa m'mbali mwa msewu. Ambiri a mabuku olemeretsawo analembedwera munthu wa ku America wokhala ndi banki yomukongoza pa chiwongoladzanja chochepa ndi magetsi osathima, mutha kutolamo kena kake koma musawatenge ngati malemba. Munthu wowerenga mbali imodzi kwa zaka khumi ndi wovuta kukambirana naye kuposa amene sanawerengepo, chifukwa tsopano ali ndi mavesi. Nde muyeso wanga si kuchuluka kwa mabuku. Ndimafunsa kuti ndi liti munamaliza buku la munthu amene simugwirizana naye, mpaka kutha kufotokoza maganizo ake mwakuti iyeyo atamva angavomere kuti eya, ndi zomwe ndikunena. Ngati ndinu wa CCAP werengani mbiri ya Akatolika kapena ya Asilamu yolembedwa ndi eni ake, ngati mumakhulupirira kuti sabuside ya feteleza ndiyo yankho werengani amene akuti ikudya ndalama za zinthu zina, kenako mubwerere kwa oikonda. Mutha kutuluka muli ndi maganizo anu omwe aja, palibe vuto, koma mudzakhala mukudziwa pomwe ndi olimba ndi pomwe ndi ofooka.

Za mtengo mukunena zoona. Mapepala ndi mabuku ambiri amachokera kunja, nde kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inakwera mpaka buku latsopano kusanduka chinthu cha mabwana. Ndiponso mzinda uno unavulala pa nkhani ya mabuku, moto wa mu Disembala 2015 unatentha laibulale ya yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ku Luwinga, mabuku pafupifupi 45,000 anapsa usiku umodzi kuphatikizapo zolemba za dziko lathu lomwe lino zovuta kuzipezanso. Komabe njira zilipo. Nthambi ya National Library ili m'tauni momwemuno, kulembetsa kwake nkotchipa kuyerekeza ndi bandulo yomwe mumagula pamwezi, ndipo ogwira ntchito mmenemo amasangalala munthu wamkulu akafunsa buku losakhala la mayeso, afunseni. Mzuni Press ndi Luviri Press, onse a mu Mzuzu momuno, atulutsa mabuku ambiri a mbiri ya mipingo ndi ya anthu athu olembedwa ndi Amalawi. Ogulitsa mabuku a kaunjika aja musangoyang'ana apamwamba, fukulani pansi pa mulu pomwe pali ofiira ndi fumbi opindika makona, mpomwe pamabisala abwino ndipo mtengo umakambika. Mukapezana anayi, aliyense nkugula limodzi, mwawerenga anayi. Mabuku akale ngati la Elmslie lija ali pa intaneti ulele, mutsitse kamodzi kenako muzimitse data, apo ayi uthenga woyamba ukangolowa kuwerenga kwathera pomwepo.

Mukatenga buku musayambire pa mutu woyamba. Tembenuzani tsamba la kuseri kwa mutu, pa tizilembo tating'ono paja, muone chaka ndi komwe linasindikizidwa, buku la za Nyasaland lotuluka ku London mu 1950 ndi lotuluka ku Zomba mu 2005 akuyang'ana kuchokera malo osiyana. Werengani mawu oyamba, mmenemo wolemba amaulula amene anamupatsa ndalama, amene anacheza nawo ndi chomwe akufuna kutsimikiza. Suzumirani kumapeto ngati watchula komwe watenga mfundo zake. Khalani ndi kakope kofewa ka masamu kaja, muzilembamo zomwe zakudabwitsani komanso makamaka zomwe zakukwiyitsani, chifukwa pomwe mwakwiya nthawi zambiri mpomwe buku lakhudza chinthu chomwe simunachifunsepo. Likakhala lotopetsa lisiyeni, si mayeso awa, tengani lina.

Chingerezi chisakuopseni. Masamba oyamba amalemera kwa aliyense amene wakhalitsa osawerenga, mutu umathawathawa, koma pakatha sabata ziwiri umazolowera, ndipo mawu ovuta dikishonale ili mu foni momwemo. Mutha kuyambanso ndi a Chichewa, a Ntara, a Gwengwe, a Chadza, a Zingani, omwe ambiri tinawawerenga mokakamizidwa kusukulu, mukawabwerera muli wamkulu mupeza muli zinthu zomwe mwana wa fomu 2 sakanaziona, ndipo a Chitumbuka ngati mumachimva musawasiye. Nthawi muli nayo, mu hadiweya si nthawi zonse pamakhala kasitomala, mvula ya kuno ikayamba kuwaza mmawa anthu amachedwa kutuluka, masamba khumi atha pamenepo buku lili pansi pa kauntala.

Ndipo poti mabuku ambiri a mbiri yathu analembedwa ndi amishoni, aphunzitsi ndi abusa, pafupifupi onse amuna, pali mawu omwe simudzawapeza pa shelefu iliyonse. Mukamaliza mutu wa 1959 kapena wa nthawi ya ma kadi a chipani, kawerengereni agogo kapena azakhali akumudzi zomwe bukulo likunena muwafunse ngati zinali choncho kwawoko, mudzadabwa mmene adzakonzere wolembayo, ndipo zomwe anene muzilembe m'kakope kaja ndi tsiku lake.

Poyambira sankhani nkhani imodzi yomwe mumakangana nayo kawirikawiri ndi anzanu, kaya ya mitundu, kaya ya a Kamuzu, kaya ya chuma, mupeze mabuku awiri osagwirizana pa nkhaniyo, oyang'anira laibulale akuthandizani kuwasaka. Mukamaliza onse awiri mundilemberenso mundiuze pomwe asemphana, tidzaonere limodzi lachitatu.